Chipinda Chimodzi Chikamazizira Pomwe Foni Ikunena Kuti Kwafunda

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Britain, pamene anthu akuyatsanso zotenthetsera m'nyumba zimene zakhala chozima kuyambira mu Meyi, dandaulo limene limamveka kwambiri ndi lakuti nyumba yonse yafunda koma chipinda chimodzi chikuzizirabe, ngakhale kuti pulogalamu ya pa foni ikusonyeza kuti vavu ya m'chipindamo yatseguka. Kwa ena vutoli limabwera mwa mtundu wina: boyila, makina otenthetsa madzi oyenda m'mapaipi a m'nyumba, imayaka n'kuzima, kuyakanso n'kuzimanso pakangopita mphindi zochepa, kapena chipinda chimatentha mpaka munthu kuvula juzi pomwe anaika madigiri 19 okha. Ambiri amathamangira kufufuta pulogalamu n'kuiikanso, kuzimitsa intaneti, kapena kubweza katunduyo kusitolo. Inenso ndinachitapo zonsezi, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti kawirikawiri vuto silikhala mu foni koma m'mapaipi.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuona kaye chimene vavu yamakono imachita. Kaya ndi ya tado°, Hive, Drayton Wiser kapena evohome ya Honeywell Home, chinthu chimene mumagula ndi kamutu chabe, kokhala ndi kamota, mabatire ndi choyezera kutentha, kamene kamamangidwa pamwamba pa vavu yachitsulo imene ili pa paipi ya m'mbali mwa rediyeta, chitsulo cha pakhoma chimene mumadutsa madzi otentha ofunditsa chipinda. Pakati pa vavu yachitsuloyo pamatuluka kapini kakafupi. Kamota kakakankhira kapiniko pansi, njira ya madzi imatsekeka, ndipo kakabwerera m'mwamba, kasipuling'i ka mkati kamadzutsa kapiniko, madzi otentha n'kuyamba kudutsa. Ntchito ya kamotako ndi yokhayo. Kamutuko sikatenthetsa madzi, sikawakankha kuti ayende, ndiponso sikadziwa ngati kapini kadzukadi kapena ayi. Foni ikamanena kuti vavu yatseguka, imangotanthauza kuti kamota kabwerera m'mbuyo.

N'chifukwa chake rediyeta ikakhala yozizira kuyambira pansi mpaka pamwamba pomwe ena onse atentha, poyambira pabwino ndi pa kapiniko. Kwathu zinachitika m'chipinda cha mwana wathu, cham'mwamba chakumapeto kwa nyumba. Ndinakhala masiku anayi ndikusinthasintha madigiri pa foni, mpaka tsiku lina ndinagwada pansi, kumasula mphete yomangira kamutu, n'kukachotsa. Kapini kanali katamira ndipo sikankasuntha. Mabatire anali atatha m'miyezi yotentha vavuyo ili chotseka, motero kapiniko kanauma pamalo pomwepo. Ndinatenga supuni n'kumakankha kapiniko ndi kumsana kwake, kenako ndinagogoda pang'onopang'ono m'mbali mwa vavu ndi chigwiriro cha sipanala. Ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi kanatumphuka, ndipo pasanathe mphindi ziwiri paipi inayamba kufunda m'dzanja langa.

Kapini kabwino kamalowa mukakakankha ndipo kamabwerera kokha mukakasiya, mtunda wa mamilimita ochepa chabe. Musakakoke mwamphamvu ndi chopanira, chifukwa pa mavavu ena kamazuka ndipo madzi akuda amayamba kutayikira pa kapeti. Kakakana kudzuka mutayesa kangapo, kapena mukaona madzi akuchucha m'mbali mwake, vavu yonse iyenera kusinthidwa ndi pulambala. Pobwezera kamutu, onetsetsani kuti mphete yamangidwa mowongoka ndipo lolani kuti kamota kayeze kapini kuyambira pachiyambi, monga kamachitira mukaika mabatire atsopano. Mavavu ambiri ku Britain ali ndi mazinga a muyeso wa M30 x 1.5, koma ena, monga a Danfoss, amafuna kolumikizira kapadera kamene kamabwera m'bokosi. Kolumikizirako kakakhala kolakwika kapena kogwedera, kamota sikafika pa kapini bwinobwino, ndipo zotsatira zake ndi rediyeta yosazima n'komwe ngakhale foni ikunena kuti yatsekedwa.

Ngati rediyeta yatentha pansi koma pamwamba n'pozizira, muli mpweya. Zimitsani boyila, dikirani kuti madzi azizire, ndipo ndi kakiyi ka rediyeta masulani pang'ono kasikuluwu ka pakona ya pamwamba, theka la kuzungulira basi, mutagwirizira kansalu. Mudzamva mpweya ukutuluka, ndipo madzi akangoyamba kudontha mangani. Chimene ambiri amaiwala n'kupita kukaona kawotchi ka pulesha pa boyila akamaliza. Madzi akazizira muvi uyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar, ndipo ukatsika kwambiri boyila imakana kuyaka, munthu n'kumaganiza kuti wawononga chinachake. Amawonjezera madzi potsegula pang'onopang'ono timipopi ta pa kapaipi kodzazira kamene kamakhala pansi pa boyila, n'kutseka muvi ukafika pamalo pake. Pulesha ikamatsika mlungu uliwonse ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo ikamakwera kufika pafupi ndi 3 bar madzi akatentha, vuto lili pa kathanki ka mkati kolandira madzi akafufuma. Ziwirizi n'zofunika mmisiri. Nyumba zakale zokhala ndi thanki kudenga zilibe kawotchi kameneka chifukwa zimadzidzaza zokha.

Zikakhala kuti pamwamba n'potentha koma pansi, makamaka chapakati, n'pozizira, ndiye kuti mwadzaza matope akuda a dzimbiri. Palibe vavu imene ingathetse zimenezo. Rediyetayo iyenera kuchotsedwa n'kutsukidwa, kapena mapaipi onse atsukidwe ndi makina, kenako athiremo mankhwala oletsa dzimbiri ndi kuika sefa ya maginito pafupi ndi boyila.

Pali vuto lina limene limasokoneza anthu kwambiri chifukwa limabwera n'kupita. Rediyeta ya chipinda chakutali imatentha bwino masana, pamene zipinda zina zatsekedwa, koma m'mawa ndi madzulo, pamene mavavu onse atseguka nthawi imodzi, imangofunda pang'ono. Apa chimene chikuchitika n'chakuti madzi amasankha njira yapafupi: amathamangira mu marediyeta oyandikana ndi boyila n'kubwerera, akutali n'kutsala opanda kanthu. Mankhwala ake ali pa vavu yachiwiri, ya mbali ina ya rediyeta, imene imakhala ndi kachipewa kapulasitiki kopanda manambala ndipo anthu ambiri sanaikhudzepo chilowereni m'nyumbamo. Ntchito ya vavu imeneyi ndi kugawa madzi mwachilungamo.

Kagawidwe kake kamafuna kuleza mtima, ndipo ndi bwino kupatula Loweruka lonse m'mawa. Zimitsani zonse mpaka marediyeta azizire, chotsani timitu tonse kapena titseguleni kotheratu, yatsani boyila, ndipo yendani m'nyumba mukulemba papepala rediyeta imene yayamba kufunda, yotsatira, mpaka yomaliza. Pa imene yayambirira, chotsani kachipewa, tsekani vavu ndi sipanala yaing'ono mozungulira kumene mivi ya wotchi imalowera, kenako itseguleni gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira. Yotsatira itseguleni mowonjezera pang'ono, mpaka yomaliza imene iyenera kukhala yotsegula kwambiri. Musanasinthe vavu iliyonse, werengani ndi kulemba kuti inali yotsegulidwa maulendo angati, kuti zikavuta mubwezere mwakale. Mukasintha dikirani mphindi 20 kapena 30 musanaweruze, pakuti madzi sayankha msanga. Amene ali ndi choyezera kutentha chopana pa paipi angayerekeze paipi yolowetsa ndi yotulutsa madzi: m'nyumba zakale kusiyana kwake kunkakonzedwa kuti kukhale pafupifupi madigiri 11, pomwe pa maboyila amakono amalola mpaka 20. Popanda choyezera, dzanja limakwanira kukuuzani ngati onse akufunda pa nthawi yofanana. Kunena zoona, ntchito imeneyi, imene siidya ndalama iliyonse, inasintha nyumba yathu kuposa mmene timitu todula tija tinachitira.

Madzi akamayenda bwino koma chipinda n'kumazizirabe, funso lotsatira ndi lakuti: ndani amene akulamula boyila kuti iyake? M'nyumba zambiri muli thermostat imodzi pakhoma, kachipangizo koyeza kutentha n'kumayatsa kapena kuzimitsa boyila, kawirikawiri m'kolido kapena pabalaza, ndipo malo amenewo akangofika pa madigiri amene munaika, boyila imazima. Vavu ya kuchipinda ingatseguke mmene ingathere, koma madzi otentha sabwera chifukwa wotenthetsa wagona. Izi zimachitika makamaka pabalaza pakakhala anthu ambiri, dzuwa likamalowa pa zenera, kapena kukhitchini kukakhala kophikidwa chitseko chili chotsegula. Zosiyana nazo zimachitikanso: rediyeta ya m'chipinda chimene muli thermostat ikakhala ndi vavu yoikidwa pa madigiri otsika kuposa a thermostat, vavuyo imatseka msanga, thermostat n'kumangodikira kutentha kumene sikudzafika, ndipo boyila imayaka tsiku lonse gasi n'kumapita. Lamulo lakale ndi lakuti rediyeta ya pamalo pamene pali thermostat isakhale ndi vavu yodzitseka yokha, kapena ikhale yotsegula kotheratu.

Zipangizo zamakono zinapangidwa kuti zithetse mkangano umenewu polola kuti vavu iliyonse ipemphe boyila kuyaka, kudzera pa kabokosi kolumikizidwa ndi mawaya ku boyilayo. Koma chilolezocho sichikhala chotsegula nthawi zonse. Lowani m'makonzedwe a chipinda chilichonse pa foni ndipo muone ngati chaloledwa kuyatsa boyila kapena chaikidwa kuti chizidikira zipinda zina. Dziwaninso kuti timitu tina totchipa, togulidwa patokha popanda kabokosi ka ku boyila, sititha n'komwe kupempha kutentha, timangotsegula ndi kutseka. Ngati thermostat yakale inasiyidwa pakhoma mawaya ake ali chilumikizire, imatha kudula lamulo la yatsopano, choncho ikwezeni kufika pamapeto kapena mmisiri wa magetsi aichotse.

Kenako pali nkhani ya malo amene kamutu kamayezera kutentha. Kali pafupi ndi chitsulo chotentha, ndiponso pafupi ndi pansi, kumene munthu sakhalako. Motero kamatha kuwerenga madigiri 21 pomwe pakati pa chipinda pali 18 kapena 19, n'kutseka madzi inu mukunjenjemera. Katani yaitali yophimba rediyeta, sofa yokankhidwira kukhoma, kapena zovala zoyanikidwa pamwamba pake zimakulitsa vutoli, chifukwa mpweya wotentha umaunjikana pa kamutu pomwepo. Kamutu koyandikana ndi chitseko chakunja kapena zenera lolowetsa mphepo kamalakwitsa mbali inayo: kamaona ngati kukuzizirabe, n'kumatenthetsa mopyola. Tengani choyezera kutentha wamba, chiikeni pakati pa chipinda pa msinkhu wa pafupifupi mita imodzi ndi theka, posafika dzuwa, ndipo muyerekeze manambala patatha ola rediyeta ikugwira ntchito. Mapulogalamu ambiri ali ndi malo olembapo kusiyanako kuti kamutu kazichotsera kapena kuwonjezera. Komabe kusiyanako sikukhala kofanana rediyeta ikatentha ndi ikazizira, choncho pa zipinda zofunika monga pabalaza ndi pogona khanda, ndi bwino kugula kachoyezera kapadera kopanda waya komangidwa pakhoma. Timitu tambiri timatsekanso madzi tikamva kuzizira kwadzidzidzi poganiza kuti zenera latsegulidwa, ndipo ngati ka m'kolido kamatero nthawi iliyonse munthu akalowa kuchokera kunja, zimitsani ntchito imeneyo pa kamutu kameneko kokha.

Tsopano tibwere pa boyila yoyaka n'kuzima kosalekeza, vuto limene kawirikawiri limayamba munthu atangoika mavavu amakono m'nyumba yonse. Maboyila otenthetsa madzi a pampopi nthawi yomweyo amakhala amphamvu, makilowati 24 mpaka 30 kapena kuposa, chifukwa mphamvuyo imafunika posamba. Ngakhale atachepetsa moto kufika pamapeto, ambiri amatulutsabe makilowati angapo, pomwe rediyeta ya chipinda chaching'ono imatha kumwaza pafupifupi kilowati imodzi yokha. Chipinda chimenecho chikapempha chokha, madzi amabwerera ku boyila asanazizire, boyila imadziteteza pozima, ndipo pakapita mphindi zochepa imayambanso. Zimenezi zimawononga gasi ndiponso zimatopetsa zitsulo za mkati.

Njira yoyamba ndi kuchotsa chilolezo choyatsa boyila pa zipinda zazing'ono monga kubafa, kuti zizifunda pamene zipinda zazikulu zapempha. Yachiwiri ndi kugwirizanitsa nthawi, kuti zipinda zitatu kapena zinayi zizitentha limodzi m'malo moti chilichonse chizidzutsa boyila pa ola lakelake. Payeneranso kukhala njira yoti madzi azidutsa mavavu onse akatseka, chifukwa pampu imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi moto utazima. N'chifukwa chake rediyeta imodzi, kawirikawiri ya kubafa, imasiyidwa yopanda kamutu, kapena pamaikidwa vavu yodutsitsa madzi yokha pulesha ikakwera. Mluzu umene umamveka m'mavavu usiku, zipinda zambiri zitatseka, umachokera pomwepa, ndipo kugunda kofanana ndi hamala vavu ikamatseka kumasonyeza kuti vavu yakale inamangidwa mosemphana ndi kumene madzi amalowera. Mmisiri angathenso kuchepetsa mphamvu imene boyila imapereka ku marediyeta, ndipo ngati boyila ndi thermostat zonse zimamva chilankhulo cha OpenTherm, kuzilumikiza motero kumathandiza kuti moto uzichepetsedwa m'malo mozimitsidwa.

Kutentha kwa madzi opita ku marediyeta kumakhudzanso nkhaniyi. Boyila yamakono imasunga gasi kwambiri madzi obwerera akakhala pansi pa madigiri pafupifupi 55, ndipo m'chaka cha 2022, mitengo ya gasi itakwera koopsa, bungwe la Nesta linalimbikitsa anthu okhala ndi boyila yopanda thanki kuti atsitse madzi opita ku marediyeta kufika pa madigiri 60. Malangizowo ndi abwino, koma zotsatira zake n'zakuti chipinda chimachedwa kufunda, ndipo chokhala ndi rediyeta yaing'ono mwina sichingafike pa madigiri amene mukufuna kunja kukazizira kwambiri. Zikatero yambitsani nthawi yotenthetsa msanga, kapena kwezani pang'ono m'masiku a chisanu. Amene ali ndi thanki yosungira madzi otentha asatsitse mwachisawawa, chifukwa madzi a m'thankimo ayenera kufika madigiri 60 kuti tizilombo ta Legionella tife.

Zotsala, za mabatire ndi kulumikizana, n'zosavuta. Ikani mabatire atsopano a mtundu umene wopanga analamula nyengo yozizira isanayambe, osadikira chenjezo. Kamutu kakamasowa pa foni kawirikawiri, kabokosi kolankhulana nako kasunthidwe kuchoka kuseri kwa wailesi ya kanema kapena m'kabati yachitsulo, chifukwa makoma a njerwa a nyumba zakale amatchinga mafunde. Zipangizo zambiri zimalumikizana ndi Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, choncho mukasintha kampani ya intaneti muyenera kuzilumikizanso. Onaninso ngati wina m'banjamo sanapotoze kamutu ndi dzanja n'kusiya lamulo lake likugwirabe ntchito, ndiponso ngati foni ya munthu amene ali pakhomo siinazimitse chosonyeza kumene ali, pakuti zikatero makinawo amaganiza kuti m'nyumba mulibe munthu.

Pofuna kusunga ndalama, ena amatsekeratu zipinda zosagonamo munthu. Apa ndimatsutsa. Chipinda chozizira kwambiri chimakoka chinyezi cha kukhitchini ndi kubafa, makoma amachita thukuta, ndipo pofika Januwale kuseri kwa kabati kumakhala kutachita chuku. Ndiponso chitseko chake chikakhala chotsegula, chimaba kutentha kwa zipinda zoyandikana, rediyeta ya kumeneko n'kumalimbana ndi katundu wa zipinda ziwiri. Ndi bwino kuchisiya pa madigiri 15 kapena 16 chitseko chili chotseka. Zipinda zokhalamo anthu, a zaumoyo kuno amalangiza kuti zisatsike pansi pa madigiri 18, makamaka kwa okalamba ndi odwala, pomwe chogona khanda chikhale pakati pa 16 ndi 20. Kwa ife amene tinakula tikuwotha mbaula mu Juni ndi Julayi, chiyeso chimabwera boyila ikafa pakati pa chisanu, koma makala asalowe m'nyumba za kuno ngakhale pang'ono, chifukwa ndi zotsekeka kwambiri ndipo mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo popanda fungo lililonse.

Zambiri mwa zimene zafotokozedwa pa marediyeta munthu angachite yekha, koma chivundikiro cha boyila si chotsegula aliyense. Kuyambira 2009 ntchito ya gasi imaloledwa kwa amisiri olembetsedwa ku Gas Safe Register okha, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuona khadi lawo asanagwire kanthu. Mukamva fungo la gasi ku England, Scotland kapena Wales, tsegulani mawindo, musakhudze maswichi a magetsi, tulukani ndipo imbani 0800 111 999. Ochita lendi adziwe kuti ku England lamulo la 1985 la eni nyumba ndi alendi limaika udindo wokonza zotenthetsera pa landilodi, amenenso ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse. Choncho vavu yodontha kapena pulesha yotsika ndi nkhani yomulembera iyeyo, ndipo musanalumikize kabokosi katsopano ku boyila pemphani chilolezo chake. Timitu takale ta manambala musataye, tisungeni m'bokosi kuti mudzabwezere posamuka.

Kuti vuto la kapini lisabwererenso Okutobala wotsatira, nyengo yotenthetsa ikatha musasiye mavavu ali chotseka. Timitu ta manambala tipotozedwe kufika pa 5 miyezi yonse yotentha. Tamakono tambiri timadzitsegula ndi kudzitseka tokha nthawi ndi nthawi kuti kapini kasaume, koma timatero pokhapokha mabatire ali ndi moto, motero musawachotse poganiza kuti mukusunga. Chakumayambiriro kwa Seputembala, kusanazizire ndiponso amisiri asanatanganidwe, yatsani boyila kwa theka la ola mavavu onse ali chotsegula, ndipo yendani chipinda ndi chipinda mukugwira rediyeta iliyonse pamwamba, pakati ndi pansi.